Phunziro lachisanu ndi chiwiri: Mmene chakudya chimasandukira mphamvu m'thupi mwathu

Wotsogolera ayambe ndi pemphero, kenaka wina awerenge Marko 5:35-43. Ngati nkotheka abwere ndi njere zingapo za mtedza wouma, kawaya, machesi, kapu ya phala lolimba ndi chimera pang'ono.

Abale ndi alongo, m'nkhani imene tawerengayi Ambuye Yezu ataukitsa mwana wa Yairo analamula makolo ake kuti ampatse chakudya. Anthu onse m'nyumbamo anali odabwa ndi chozizwitsa, koma Iwo anakumbukira kuti mwanayo ali ndi thupi, ndipo thupilo lisowa kudya. Lero tikambirana za chimene chimachitika chakudya chikalowa m'thupi. Ena anena kuti izi ndi za ana a sukulu ya sekondale. Ine ndikuti ndi zathu, chifukwa chaka ndi chaka miyezi ya Meyi ndi Juni ikafika, ife a ku Embangweni, ku Katete, ku Mqocha ndi madera ozungulira timaima pa sikelo ya mavenda ndi matumba a mtedza, soya ndi nyemba. Chimanga timasunga, ndipo timachita bwino. Koma mbewu zinazi ambiri timagulitsa mpaka kukungula thumba, poganiza kuti ndi za ndalama basi. Tikamvetsa ntchito yake m'thupi, mwina chaka chino tiyamba taganiza kaye tisanapite ku Jenda.

Moto wopanda utsi

Bayani njere ya mtedza pa kawaya ndi kuiyatsa. Muona kuti ikuyaka ngati kandulo, mwina mphindi yathunthu kapena kupitirira. Pamene ndinkaphunzira za uphunzitsi tinkachita zimenezi kuti ana aone ndi maso kuti m'chakudya muli mphamvu. Mphamvuyo inachokera ku dzuwa. Mbewu ili m'munda inatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya, nkuzimanga kukhala chakudya. Tikayatsa njereyo, mphamvu imene inamangidwa ija imamasuka.

Thupi lathu limachita chimodzimodzi. Limatenga chakudya ndi mpweya wa okosijeni umene timapuma, nkutulutsa mphamvu, madzi ndi mpweya woipa. Nchifukwa chake munthu wamoyo amakhala wofunda, pafupifupi madigiri 37, ngakhale m'mawa wa mu Julaye pamene chisanu chagwa m'dambo. Kusiyana kwake nkwakuti moto wa pa mafuwa umalilima nthawi imodzi, pomwe wa m'thupi umayaka pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, kuti mphamvu isatayike yonse ngati kutentha chabe.

Kodi moto umenewu uli kuti? Ambiri tingaloze pamimba. Koma mimba ndi mtondo chabe, ntchito yake ndi kusinja. Moto weniweni uli m'tizigawo ting'onoting'ono ta thupi totchedwa maselo. Monga tchalitchi chimamangidwa ndi njerwa, thupi la munthu wamkulu limangidwa ndi maselo pafupifupi matiriliyoni 30, osaoneka ndi maso. Selo lililonse ndi lamoyo, limadya, limapuma, limagwira ntchito yake. M'kati mwa maselo ambiri muli timbaula totchedwa mitokondiriya, ndipo m'menemo ndi mmene mbali yaikulu ya mphamvu imatulukira. Maselo a mtima ndi a minofu, amene sapumula kawirikawiri, ali ndi timbaula timeneti tochuluka kwambiri.

Ulendo wa mbamu ya nsima

Nsima, chinangwa, mbatata, mpunga ndi mawere zili ndi chakudya cha mtundu umodzi chotchedwa sitachi. Sitachi ndi shuga wolumikizana ngati mikanda pa ulusi wautali. Thupi silingaugwiritse ntchito uli wolumikizana choncho, liyenera kuudula kaye.

Thirani chimera m'kapu ya phala lolimba lofunda, mutakase, mudikire pang'ono. Phala lija lisungunuka nkuyamba kutsekemera. Amayi ophika thobwa izi amazidziwa kuyambira kale. M'chimera muli tinthu totchedwa maenzaimu, timene timadula ulusi wa sitachi kuti shuga amasuke. M'malovu mwathu ndi m'matumbo mulinso maenzaimu otero. Mbamu ya nsima ikafika m'matumbo aang'ono imasanduka shuga wotchedwa gulukosi, amene amalowa m'magazi nkupita ku maselo onse.

Pano pali mfundo imene tiyenera kuimvetsa. Selo silingagwire ntchito ndi gulukosi mwachindunji, monga momwe simungagulire mchere wa pa mbale ndi ng'ombe yathunthu. Muyenera kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono. Ndalama ya selo ndi kanthu kotchedwa ATP. Mukakweza khasu, mtima ukagunda, mwana akaganiza yankho la samu, ndi ATP amene walipira. Kakagwiritsidwa ntchito kamabwerera ku mbaula kukadzazidwanso, monga batire la foni pa sola. Thupi silisunga ATP wambiri, koma limamdzaza mobwerezabwereza kotero kuti pa tsiku limodzi ATP yense amene wadutsa m'thupi amalemera pafupifupi ngati munthu mwini wakeyo.

Gulukosi akalowa m'selo amayamba wang'ambidwa pakati. Ntchito yoyambayi siisowa okosijeni, koma phindu lake ndi lochepa: ATP awiri okha. Zidutswa zija zimalowa m'mitokondiriya, m'mene zimaphwanyidwa pa mndandanda wa masitepe ozungulira, amene amathera pomwe anayambira nkuyambanso. Amene anatulukira kuzungulira kumeneku ndi Hans Krebs mu 1937, ali ku Sheffield m'dziko la England kumene anathawira nkhanza za boma la Hitler, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1953. Pa kuzungulirako mpweya woipa umatuluka, umene timaupumira kunja. Mphamvu imene yamasuka imanyamulidwa ndi tinthu tina tokhala ngati amayi otunga madzi pa chitukuko cha parishi: amasenza chidebe chodzaza, nkukakhuthula kwa amisiri, nkubwerera chopanda kanthu kukatunganso. Kumapeto kwa mzerewo kumadikira okosijeni. Zonse zikayenda bwino, gulukosi mmodzi amapereka ATP pafupifupi 30.

Yerekezani 2 ndi 30. Ndiye chifukwa chake wopalasa njinga pa chitunda ndi thumba la feteleza amapuma mwawefuwefu ndipo ntchafu zimamuwotcha: minofu ikufuna mphamvu mofulumira kuposa mmene timbaula tingaperekere, tsono ikudalira njira yoyamba ija. Ndiponso nchifukwa chake mayi woyembekezera amene magazi achepa amatopa ndi ntchito yaing'ono ngakhale wakhuta. Okosijeni amanyamulidwa ndi magazi mothandizidwa ndi mchere wa ayironi, umene timaupeza mu nyama, chiwindi, usipa, nyemba ndi masamba obiriwira. Nkhuni zilipo koma mpweya sukufika pa moto. Mankhwala a ayironi amene amaperekedwa ku sikelo ya amayi oyembekezera si oponya pa denga.

Zimene zinachitika mu 1990

Tikumbukire onyamula zidebe aja, chifukwa pa iwo pali nkhani ya dziko lathu lino. Onyamula ofunika kwambiri amapangidwa kuchokera ku vitamini wotchedwa nayasini. Nayasini akasowa, mzere wonse umayenda movutika, ngakhale gulukosi adzaze m'magazi. Zigawo za thupi zimene zimafuna mphamvu yambiri ndizo zimayamba kudwala. Khungu limada ndi kusenda pamalo owombedwa ndi dzuwa, m'khosi, m'manja ndi kumapazi, ngati munthu wapsa. M'mimba mumatseguka. Mutu umasokonekera. Osathandizidwa, munthu amafa. Matendawa dzina lake ndi pelagira.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko la Malawi linalandira anthu othawa kwao pafupifupi miliyoni imodzi. Ankalandira chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Kumayambiriro kwa 1990 mtedza unasiya kufika kwa miyezi ingapo. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala chaka chomwecho, anthu pafupifupi 18,000 anapezeka ndi pelagira m'malo a othawa nkhondo m'chigawo cha kumwera, ndipo amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo. Anthuwa chimanga ankadya. Chimene chinachoka pa mbale yao ndi mtedza. Mliriwo unazilala pamene anayamba kugawa mapiritsi a vitamini, kubwezeretsa mtedza ndi kuthira nayasini mu ufa.

Chimanga chili naye nayasini, koma ndi womangika mwa njira yoti matumbo athu satha kummasula. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo izi zimammasula. Mbewu inafika kuno koma luso limenelo linatsala komweko. Makolo athu anadziteteza mwa njira ina: nsinjiro mu ndiwo, nyemba, nsomba, ngumbi, mbewa, ndiponso kuno kwa Angoni mkaka wa ng'ombe ndi chambiko. Banja limene lagulitsa mtedza wonse nkutsala ndi nsima ya ufa woyera ndi masamba owiritsa ndi mchere, ladziikira lokha chakudya chosasiyana kwenikweni ndi cha mu 1990 chija. Anthu omwa kachasu tsiku ndi tsiku osadya mokwanira nawonso pelagira amawagwira msanga.

Mafuta: nkhokwe ya thupi

Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa ndi muyeso wotchedwa makalori. Galamu imodzi ya sitachi imapereka makalori 4, ya puloteni 4, koma ya mafuta 9. Nchifukwa chake njere ya mtedza ija inayaka nthawi yaitali: pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta.

Mafuta akafika m'matumbo, ndulu imawasungunula monga sopo amachitira m'mbale yonona, maenzaimu nkuwadula. M'maselo amadulidwanso tizidutswa timene timalowa pa kuzungulira kwa Krebs komwe kuja. Otsala thupi limawasunga pansi pa khungu ndi pamimba. Sitachi ndi shuga zikachuluka kupitirira zimene thupi likufuna, nazonso zimasandutsidwa mafuta. Munthu akamaonda, mbali yaikulu ya mafutawo imatuluka kudzera m'mapapo ngati mpweya woipa, yotsalayo ngati madzi.

Pa mwana wamng'ono nkhani ya mafuta ndi yaikulu. Kamimba kake nkochepa, sikangalandire zambiri nthawi imodzi. Mukampatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera, kadzaza ndi madzi, ndipo mwana agona ngati wakhuta chonsecho mphamvu walandira yochepa. Supuni ya nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira kapena peyala wophwanya m'phala lomwelo zimawonjezera mphamvu popanda kuchulukitsa phalalo. Komanso vitamini A, woteteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, amalowa bwino m'thupi pokhapokha pali mafuta. Bonongwe, nkhwani ndi chisoso zotendera zimapindulitsa mwana kuposa zowiritsa chabe.

Ufa woyera tonse timaukonda, ndipo mlendo timachita manyazi kumphikira mgaiwa. Koma pokonola ndi kuviika mphale timachotsa mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi mavitamini ambiri a chimangacho. Zabwinozo zimapita m'gaga, tikapatsa nkhumba. Nkhumba za kwathu kuno zimanenepa pa chifukwa chomveka.

Kwa akuluakulu amene ntchito yao ndi yokhala pansi, pa shopu kapena mu ofesi pa boma la Mzimba, vuto limatembenuka. Nsima yambiri, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga tsiku lililonse zimadzaza nkhokwe ya thupi kupitirira muyeso. Kenaka maselo amayamba kusamvera insulini, amene ntchito yake ndi kutsegulira gulukosi chitseko, ndipo shuga amangozungulira m'magazi. Amenewo ndiwo matenda a shuga. Tidzawaphunzira paokha.

Mapuloteni, ndi nyumba imene imaotcha denga lake

Mapuloteni ntchito yao yaikulu si kuyaka koma kumanga. Minofu, khungu, tsitsi, chonyamulira okosijeni m'magazi, asilikali olimbana ndi matenda, insulini, ngakhale maenzaimu onse amene tawatchula, zonsezi ndi mapuloteni. Ndiye kuti mbaula yomwe imamangidwa ndi puloteni. Ndipo ntchito yomanga siitha munthu akakula. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120 nkulowedwa m'malo. Khungu la m'kati mwa matumbo limasinthidwa pa masiku osakwana sabata.

Puloteni aliyense amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa maamino asidi, ta mitundu 20. Monga zilembo zochepa za alifabeti zimalemba mau osawerengeka, mitundu 20 imeneyi imapanga mapuloteni zikwizikwi. Tikadya nyemba kapena dzira, thupi limamasula puloteniyo kukhala zilembo, nkulemba nazo mau ake. Mitundu 11 thupi limatha kudzipangira, koma 9 iyenera kuchokera m'chakudya. Chilembo chimodzi chikasowa, liu lonse sililembeka.

Chimanga chili ndi puloteni, pafupifupi magalamu 9 pa magalamu 100 a ufa wa mgaiwa, koma ndi wopelewera pa zilembo ziwiri, laisini ndi tiriputofani. Chachiwirichi ndi chimene thupi limatha kupangira nayasini wake, kotero chimanga chimatimana mbali zonse ziwiri. Nyemba, soya, nandolo ndi khobwe zili ndi laisini wochuluka, pamene zimapelewera pa chilembo china chimene chimanga chili nacho. Zikadyedwa pamodzi zimakwaniritsana. Nsima ya nyemba, imene ana a sukulu zogonera komweko amadandaula nayo, ndi chakudya chanzeru kuposa mmene amaganizira. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku mishoni ya Likuni ku Lilongwe, amatsata mfundo yomweyi posakaniza chimanga ndi soya. Pakhomo mungapange nokha: makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya wokazinga, nkukagayitsa pamodzi. Soya ayenera kupsa ndithu, chifukwa wosapsa ali ndi kanthu kamene kamatsekereza maenzaimu odula puloteni m'matumbo. Mazira, mkaka, nyama, ngumbi ndi usipa zili ndi zilembo zonse 9 mokwanira, choncho ngakhale pang'ono pokha zimakweza mbale yonse.

Tsono chimachitika nchiyani chakudya chikachepa? Chiwindi chimasunga shuga wokwana pafupifupi tsiku limodzi. Akatha, thupi limatsegula nkhokwe ya mafuta. Koma ubongo, umene mwa munthu wamkulu umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse ndipo mwa mwana umadya koposa apo, sungathe kuyaka ndi mafuta mwachindunji. Umafunabe gulukosi wina. Kuti limpeze, thupi limayamba kuphwasula minofu yake nkusandutsa maamino asidi kukhala shuga. Zili ngati banja limene nkhuni zatha m'nyengo ya mvula, layamba kusolola mitengo ya denga kusonkhezera moto. Lero aphika, koma nyumba ikutha. Izi zimachitika m'midzi mwathu mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene ntchito ya kupalira ndi kubandira ili pachimake ndipo nkhokwe zapepuka. Nchifukwa chakenso dzira lopatsa mwana amene sakulandira phala lokwanira limangopsa ngati nkhuni m'malo momanga thupi. Zopatsa mphamvu ndi zomanga ziyenera kuyendera limodzi.

Mwana wotupa

Mwana akamasowa chakudya nthawi yaitali, pali njira zitatu zimene zimaonekera. Wina amapinimbira, msinkhu wake osagwirizana ndi zaka zake. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Popeza ana ambiri m'mudzi amakhala otero, timaona ngati ndi mtundu. Wina amanyentchera, nkutsala mafupa ndi nkhope ya nkhalamba. Wachitatu amatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasenda, ndipo safuna kudya kapena kusewera.

Matenda otupawa anawalongosola koyamba m'mabuku a zachipatala ndi dotolo wamkazi Cicely Williams mu 1933, akugwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana. Anawatcha kwashiorkor, dzina limene anamva kwa anthu a mtundu wa Ga, lonena za matenda a mwana amene wachotsedwa ku bere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Ana amene iye anawaona ankadyetsedwa phala la chimanga lokha. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsa kuti gwero lake ndi kusowa kwa puloteni basi. Lero zikudziwika kuti pali zinanso. Kafukufuku amene anatsata mapasa 317 kuno ku Malawi, wofalitsidwa mu 2013, anaonetsa kuti mwa mapasa odya mbale imodzi wina amatha kutupa mnzake osatupa, ndipo kuti tizilombo tokhala m'matumbo tili ndi mbali yake. Ndiye kuti madzi aukhondo, chimbudzi, kusamba m'manja ndi kuchiza msanga kutsegula m'mimba ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Kwathu mwana akatupa, kawirikawiri timayamba ndi mlandu. Ena amati ndi tsempho, kuno ena amati ndi moto, ndipo bambo kapena mayi amafunsidwa kumene anayenda. Ndinakhalapo pa bwalo lotere, kumene akuluakulu anatha masiku atatu akufunsana za khalidwe la makolo, mwana ali gone pamphasa. Anapita naye ku chipatala tsiku lachinayi ndipo mwa chisomo cha Mulungu anachira, koma ndinadziimba mlandu kuti ine monga katekisti ndinakhala chete masiku awiri oyamba poopa kunyoza akuluakulu. Za kukhulupirika m'banja Mpingo umaphunzitsa, ndipo tidzapitiriza kuphunzitsa. Koma mwana wotupa apite ku chipatala tsiku lomwelo, milandu idzakambidwa pambuyo.

Kuyeza nkosavuta. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala dzenje mbali zonse, musadikire. Alangizi a zaumoyo alinso ndi kalamba koyezera mkono: kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu, mkono wosakwana masentimita 11.5 uli pofiira. Musayese kumdyetsa nyama ndi mazira ambiri kunyumba kuti achire msanga. Moto wa m'thupi mwake wazilala, chiwindi ndi mtima zafooka, ndipo chikuni chachikulu chimazimitsa moto wotsala makala. Ku chipatala amayamba ndi mkaka wapadera wopepuka, pang'onopang'ono usana ndi usiku, akumfunditsa kuti asazizidwe. Mwana amene akadali ndi chilakolako cha kudya ndipo alibe matenda ena amapatsidwa chiponde chokadyera kunyumba. Chiponde chimenechi chinayesedwa kuno ku Malawi kuyambira mu 2001 ndi dotolo Mark Manary ndi anzake, ndipo lero chikupulumutsa ana m'maiko ambiri. M'kati mwake muli mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini, ndi mtedza, skawa yomwe ija tinagulitsa pa sikelo mu Meyi. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Kuchigawira ana ena, kuchipaka pa buledi wa bambo kapena kuchigulitsa pa msika ndi kumlanda mwanayo moyo.

Udindo wathu

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amaika kadyedwe kokwanira kwa anthu onse pakati pa zolinga zimene boma liyenera kutsata, ndipo gawo 30, lonena za ufulu wa chitukuko, limatchula chakudya. Choncho si kupempha chifundo ngati komiti ya chitukuko ya m'mudzi ifunsa khansala kapena phungu chifukwa chimene sikelo ya ana yasiya kufika m'dera lao, kapena ngati alimi afunsa alangizi za mbewu ya mtedza ndi soya osati feteleza wa chimanga yekha. Pogula mchere tione kuti ndi wa ayodini, chifukwa ayodini ndiye amapangira chithokomiro cha pakhosi timadzi toyendetsa liwiro la moto wonse wa m'thupi, ndipo akasowa mwa mayi woyembekezera ubongo wa mwana sukula bwino.

Koma mbali yaikulu ili pakhomo. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ambiri tinawaloweza pamtima ngati katekisimu, koma kuloweza sikudzaza mphika. Tiyeni tiwerengere. Dzanja limodzi la mtedza wosenda ndi magalamu pafupifupi 30. Limapereka makalori pafupifupi 170, magalamu 7 a puloteni, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nayasini amene munthu wamkulu amafuna pa tsiku. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense dzanja limodzi tsiku lililonse, lifuna makilogalamu 66 pa chaka, kutanthauza thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi ndowa ina pamwamba. Ndikudziwa kuti fizi, sopo ndi ngongole ya feteleza sizidikira, ndipo sindikunena kuti tisagulitse. Ndikunena kuti thumba la pakhomo lipatulidwe poyamba, monga timapatulira mbewu, ndipo bambo ndi mayi agwirizane limodzi, chifukwa kawirikawiri wogulitsa ndi bambo pamene wodziwa za mphika ndi mayi. Amene anagulitsa mu Meyi pa mtengo wotsika amadzagulanso kambale kakang'ono mu Disembala pa mtengo wokwera.

Mtedzawo uumitsidwe bwino ndi kusungidwa m'makoko pamalo ouma. Tisauwaze madzi kuti usendeke msanga. Wachuku, wofota ndi wowawa utayidwe, chifukwa chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Chizolowezi chosankha wabwino kupita naye ku msika, woipa nkusinjira ana, tichileke.

Pomaliza, za kagawidwe. Pamene nkhuku yaphedwa, ndani amalandira chiwindi ndi ntchafu, ndipo ndani amalandira msuzi ndi mapazi? Thupi la bambo linatha kale kumangidwa, likungokonzedwa. Limene likumangidwa ndi la mwana wa zaka ziwiri ndi la amene ali m'mimba mwa mayi ake. Mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake kuti mayi aone chimene wadya, chifukwa pa mbale imodzi ndi akulu ake iye amatsala m'mbuyo. Miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha, kenaka phala lolemera kangapo pa tsiku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Zokambirana pa mphakati

Chaka chathachi banja lanu linakolola mtedza, soya kapena nyemba zochuluka bwanji, ndipo zinatha mwezi uti pakhomo? Ndani analamula zogulitsa?

Kodi m'mudzi mwathu muli zakudya zimene amayi oyembekezera kapena ana amaletsedwa, monga mazira? Akuluakulu amati chifukwa chake nchiyani, ndipo tingakambe nao bwanji mwaulemu?

Sankhani anthu awiri, bambo ndi mayi, amene apite kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu sabata ino kukafunsa tsiku la sikelo ya ana ndi kuphunzira kuyeza mkono. Adzatiuze zimene apeza pa msonkhano wotsatira, ndipo mayi mmodzi adzabwere ndi ufa wosakaniza ndi soya kuti tidzaphike phala limodzi.